Tsiku limene agogo ananditchula kuti “inu”

Ndili mwana ndinkawatchula kuti amalume, ngakhale panalibe ubale wa magazi. Anali mnzawo wa malemu bambo anga. Ana anga atabadwa, tonse tinangoyamba kuti agogo, ndipo zinakhazikika choncho. Amakhala kufupi ndi phiri la Dómuè ndipo amaluka malichero. Akafika pa kasitolo kathu kuno ku Ulongué, ku Mozambique, njinga itasenza malichero mpaka chishalo osaoneka, ankangoima pakhomo n’kufuula kuti, “Iwe, uliko?” Ndinakwatiwa, ndinabereka ana atatu, koma kwa iwo ndinali “iwe” basi, ndipo ndinkakondwa nazo.

Lachisanu lina mu Okutobala 2020 anafika opanda katundu, anasamba m’manja pa ndowa ya pakhomo, anakhala pampando, kenako anati, “Mwaswera bwanji, amayi?”

Papita zaka, koma ndikamalemba mtengo wa chinthu pa foni, moni umenewo ndimaumvabe.

## Msewu utangoti zii

Kasitolo kathu kali m’mbali mwa msewu wochokera ku Mussacama kupita kuchipata cha Calómue, pamalire ndi Malawi. Timagulitsa malichero, madengu, nsengwa, mphasa, mithiko, zipande, timitondo, mbiya, ndi tizikwama ta kapulana (chitenje) timene ndimasoka ndekha. Ogula ambiri anali a paulendo: aphunzitsi ndi anamwino a ku Beira kapena ku Quelimane opita kwawo patchuthi, anthu a kumigodi ya malasha ku Moatize obwera kudzagula mbatatesi ndi kudzapumako kutentha, ndiponso odutsa kupita ku Dedza ndi ku Lilongwe. Akuno ankagula kwambiri nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, pakuti mkwatibwi salowa m’nyumba wopanda lichero ndi mthiko.

Pa 1 Epulo 2020 lamulo la estado de emergência, la nthawi ya ngozi, limene pulezidenti wa nthawiyo a Nyusi analengeza chifukwa cha mliri wa COVID-19, linayamba kugwira ntchito. Masukulu anali atatseka kale. Matchalitchi anatsekedwa, pamaliro anati pasapitirire anthu 20, maukwati anaima. Mumsewu munatsala malole a katundu, ndipo woyendetsa lole saima kuti agule nsengwa.

Mwezi wonse wa Meyi ndinagulitsa mthiko umodzi ndi zipande ziwiri. Chinatidyetsa ndi makina anga osokera, chifukwa aliyense wokwera chapa (minibasi) ankafunika chophimba pakamwa ndi mphuno, ndipo zidutswa za kapulana ndinali nazo thumba lathunthu. Malichero 40 anali lende kudenga. M’mawa uliwonse ndikamasesa ndinkapeza kaufa koyera pansi pake. Anankafumbwe anali atalowa m’mikombero.

## Foni ya mng’ono wanga

Mng’ono wanga ankaphunzira mumzinda wa Tete, ndipo sukulu zitatseka anabwera kudzakhala nafe. Ndiye amene anati, “Achemwali, anthu aja sanafe ayi, angokhala m’nyumba ndi mafoni awo. Tiwatsatire komweko.”

Anatsegula tsamba pa Facebook, n’kuika nambala yanga ya WhatsApp. Zithunzi zoyamba tinajambulira m’sitolo momwemo, mumdima, lichero n’kumaoneka ngati chiwaya chakale. Tinaphunzira kutulutsa katundu panja m’mawa dzuwa lisanakwere, kumuyedzeka kukhoma loyera, ndi kuthira chimanga pang’ono m’lichero kuti woona adziwe kukula kwake. Ngakhale zinali choncho, funso loyamba la aliyense linali lakuti ndi lalikulu bwanji. M’sitolo munthu amangolinyamula, kuliyesa ngati akupeta, n’kudziwa. Tepi yanga yoyezera madiresi inayamba kuyeza malichero.

Ndalama zinkabwera pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Apa ndi pamene panavuta poyamba, chifukwa wogula ankaopa kutumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa, nanenso ndinkaopa kutumiza katundu ndisanaone ndalama. Tinagwirizana zoti azipereka theka kaye. Katundu tinkamusokerera m’thumba, kulembapo dzina ndi nambala, kumukweza pa chapa ya ku Tete, n’kujambula nambala ya galimotoyo. Msuweni wathu ankamulandira kumeneko n’kumukweza basi ya ku Chimoio, ku Beira kapena ku Maputo. Mbiya tinayesa kawiri, kawiri konse zinafika zili mapale, ndipo tinaleka.

Amene anayamba kugula anali anthu akwathu konkuno okhala m’mizinda, amene chaka chimenecho sanathe kubwera kudzaona makolo. Mayi wina wa ku Beira ananditumizira uthenga wa mawu, akuti atatsegula thumba anamva fungo la utsi wa kumudzi, n’kukhala pansi. Kenako anabwera ena osadziwa n’komwe kupeta, ofuna malichero opachika pakhoma la pabalaza. Iwowa ndiwo anali ndi ndalama.

## Mtengo wa m’kamwa ndi mtengo wolemba

M’sitolo sitinkalemba mtengo pa chinthu chilichonse. Bambo anandiphunzitsa kuti mtengo umakhala m’kamwa: umayamba wamuona munthu, mumapatsana moni, ukatchula iye amadandaula, iwe umatsitsa, mpaka mukumane. Lichero ndinkagula kwa agogo pa 70 meticais, ndipo linkatuluka pa 120, tsiku labwino 150.

Pa intaneti zimenezo sizinkatheka. Anthu 30 ankafunsa mtengo pansi pa chithunzi chimodzi, ndipo kuyankha mmodzimmodzi kunkatha mamega. Mng’ono wanga, amene ankadziwa mitengo ya m’tauni, anati tilembe 450, kuphatikiza ulendo wofika ku Tete. Ine ndinachita mantha, ndinati palibe adzagule. Sabata imeneyo tinagulitsa 9, popanda ndi mmodzi yemwe wonenerera.

Pansi pa chithunzicho tinalemba m’Chipwitikizi mawu otanthauza kuti “ntchito ya manja athu”. Sindinaganizepo kawiri. Zinkamveka bwino, ndipo masamba ena onse ankalemba zofanana nazo.

Pofika Ogasiti malichero 40 aja anali atatha. Ndinatumiza uthenga kwa agogo kuti aluke ena, ambiri. Anabweretsa 20, kenako 25. Ndinawalipira 70 lililonse, ndalama yomweyo pamanja, ndipo mumtima ndinkadziona ngati ndikuwathandiza pa nthawi imene wina aliyense sankagula.

## Lachisanu lija

Anabwera ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa sekondale, yemwenso anali pakhomo chifukwa cha kutseka kwa sukulu. Mnyamatayo anaima panja atagwira njinga. Agogo anavala chophimba pakamwa chimene ndinawasokera ndekha, cha kapulana yobiriwira, moti ndinkangoona maso okha.

Atati “Mwaswera bwanji, amayi?” ndinaganiza kuti m’sitolo mwalowa munthu wina kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Munalibe aliyense.

Ndinagwada chapatali monga tinkachitira masiku amenewo, n’kuwomba m’manja. “Ndaswera, agogo. Kaya inu? Kunyumba n’kwabwino?”

“Kwabwino.”

Anakodola mnyamata uja. Iye analowa, maso ali pansi, n’kundipatsa foni yosweka galasi. Panali chithunzi chathu: lichero litayedzekedwa kukhoma loyera, chimanga m’kati, 450 pansi pake.

“Lichero ili ndikulidziwa,” anatero agogo. “Onani apa pamkombero, pamene chilambe chinandithera n’kulumikiza china. Ndinaluka sabata imene tinaika maliro a mlamu wanga.”

Ndinayamba kulankhula msangamsanga. Ndinatchula za chapa, za mamega, za matumba, za ndalama imene amadula potapa. Anandisiya mpaka ndinatha mawu.

“Zimenezo ndamva. Wogulitsa amadya, ndipo bambo anu ankadya, sindinawawerengerepo. Ine ndabwerera mawu ali pansiwa. Mwanayu wandiwerengera, wanditanthauzira. Akuti ntchito ya manja athu.” Anakhala chete pang’ono. “Tandionetsani manja anu, amayi.”

Sindinawatambasule. Iwo ndiwo anatambasula awo, n’kuwaika pamaondo, zikhatho kumwamba. Ndinali nditawaona manja amenewo moyo wanga wonse, akulandira ndalama, akulandira kapu ya tiyi, koma ndinali ndisanawayang’anepo. Chala chachikulu cha kumanja chinali ndi chikhadabo chokhuthala, chong’ambika pakati. Cha mkombaphala chinali ndi timizere tambirimbiri, tina toyera takale, tina tofiira ta sabata yomweyo, momwe nsungwi yopala imadutsa. Nsungwi yong’alula kumene imacheka ngati lumo. Pachikhatho cha kumanzere panali chipsera chachitali cha mpeni.

“Lichero limodzi ndi masiku awiri,” anatero, “osawerenga tsiku lokadula nsungwi kudambo, ndi lokafuna chilambe, chimene masiku ano chili kutali. Sindikudandaula, ndi ntchito yanga. Koma kumva kwa mwana kuti ntchito yangayo ili ku Maputo, ndipo eni ake ndi ena, n’kumene kwandiyendetsa ulendowu. Akulu ankati chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Sindinkayesa kuti ndidzaganizapo mwambi umenewu m’nyumba ino.”

Mng’ono wanga anali kuseri kwa katani, ndipo ndinamumva akulira. Ine misozi sinabwere. Ndinangomva kutentha kumaso ndi kuuma kukhosi. Ndinati, “Agogo, ndalakwa.” Anagwedeza mutu, osati movomera kapena mokana. Ndinawaphikira tiyi, anamwa theka. Potuluka anati, “Tsalani bwino,” ndipo mnyamata anawakweza panjinga.

## Kope la bambo

Usiku umenewo ndinatsitsa katoni imene timasungamo mapepala a malemu bambo. Ndinkafuna umboni woti sindinachite chachilendo, kuti iwonso ankagula motsika n’kugulitsa mokwera.

Umboniwo ndinaupeza. M’makope awo, kumanzere ankalemba mtengo wogulira, pakati wogulitsira, ndipo kusiyana kwake kunali ngati kwanga kwa m’sitolo. Koma kumanja kwa tsamba kunali mzere wachitatu umene ndinali ndisanausamalepo. Pansi pa dzina la agogo panali mawu monga awa: feteleza thumba 1. Mchere. Tayala la njinga. Chipatala, mkazi wake. Malata 6. Pa oluka ndi osema ena panalinso zotere, ngakhale zocheperapo. Palibe pamene analemba kuti ngongole.

Anthu awiriwa anadziwana pothawa nkhondo. Mu 1986 anawoloka malire kupita ku Dedza, ine ndili kumbuyo kwa amayi. Kumeneko munda analibe. Mmodzi ankadziwa kuluka, wina anali ndi njinga ndi pakamwa pabwino, ndiye mmodzi ankaluka, wina ankayenda nazo m’misika. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera chaka chotsatira, ndipo kasitolo aka kanayambira pa ubwenzi umenewo. Mtengo wa lichero unali theka chabe la pangano lawo. Theka linalo silinkatchulidwa: malonda akayenda bwino, mnzako aziona pakhomo pake.

Bambo atamwalira mu 2014, ine ndinatenga makiyi, mashelefu ndi mtengo. Ndinaukwezako kuchoka pa 50 kufika pa 70, n’kumadziyesa wachilungamo. Mzere wachitatu sindinautenge, chifukwa sindinkadziwa kuti uliko, ndipo agogo sakanandiuza. Munthu wamkulu sapempha chimene kale ankalandira mwaulemu. Zaka 6 anakhala chete. Mtengo ukanapitirira kukhala m’kamwa mwanga, mwina akanakhala chete mpaka kumanda, ine osadziwa kanthu.

Ndimamva anthu akudandaula kuti mafoni aononga malonda, kuti tsopano woluka wa kumudzi amaona chilichonse. N’zoona, amaona. Ine sindingadandaule nawo. Foni ya mnyamata uja sinaname chilichonse, inangoonetsa zimene ndinalemba ndekha.

## Chimanga 45

Lamlungu ndinakwera njinga yamoto kupita kwawo. Ndinatenga shuga, sopo ndi kope langa la malonda. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, iwo n’kukhala pa kampando kawo kolukirapo, nsungwi zong’alula zili mbali iyi, mpeni uli pansi.

Agogo sawerenga, ndiye ndinapempha chitsononkho cha chimanga chouma kwa agogo aakazi. Ndinatokola njere 45 n’kuziika pamphasa. “Njere iliyonse ndi 10 meticais. Ili ndi lichero lanu limodzi.”

Ndinachotsa 6 za chapa. Ndinachotsa 3 za mamega ndi kuimba foni, 2 za thumba ndi ulusi, imodzi ya potapa ndalama, 3 za katundu amene amaonongeka kapena kusowa panjira. Mnyamata uja ankayang’ana m’kope kuti aone ngati zikugwirizana. Zinatsala 30.

“Mwa izi, inu ndinkakupatsani 7. Ine ndinkatenga 23.”

Kuzinena ndi pakamwa, njere zili poyera, agogo aakazi ataima potero, kunali kovuta kuposa Lachisanu lija. Ndinagawa pakati, 15 uku, 15 uku, n’kukankhira mulu umodzi kwa iwo.

Anauyang’ana nthawi yaitali. Kenako anatola njere imodzi pa mulu wawo n’kuiika payokha. “Iyi ndi ya mnyamatayu. Ndiye maso anga tsopano.” Nanenso ndinatola imodzi pa mulu wanga n’kuiika pomwepo.

Anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, 70 ija azilandirabe pamanja tsiku lobweretsa katundu, chifukwa sangadikire munthu wa ku Beira kuti agule mchere, ndipo yotsalayo izipita pa e-Mola ya mdzukuluyo lichero likagulidwa. Chachiwiri, mawu aja achoke. Ndinafunsa ngati tiike dzina lawo ndi chithunzi chawo. Anakana. Sankafuna nkhope yawo iziyenda m’mafoni a anthu osawadziwa. “Mungolemba kuti analuka ndi mkulu wina wa ku Dómuè. Akuno adziwa.”

Tinawerengeranso malichero 45 a mu Ogasiti ndi Seputembala. Ndalama yake ndinaibweza pang’onopang’ono, mpaka Febuluwale.

Ponditsazika anati, “Muyende bwino.” Ndinabwerera ndi “inu” wanga.

## Zimene zinatsatira

Sizikanatheka kuchita zimenezi ndi munthu mmodzi yekha, pakuti nkhani ya njere za chimanga inafika kwa osema zipande sabata isanathe. Onse amene amandibweretsera katundu ndinakhala nawo pansi mmodzimmodzi. Phindu langa linatsika kwambiri, ndipo kunyumba tinakangana. Bambo a ana anga ankati sitolo si tchalitchi, ndipo lendi salipira ndi ulemu. Sankanama. Mu Janyuwale 2021, matenda atabweranso mwamphamvu, lendi ndinalipira mochedwa, ndi ndalama ya makina osokera.

M’sitolo namonso tsopano mitengo ndi yolemba, pa timakatoni. Munthu wa kuno sangagule lichero pa 450, ndiye la pashelefu lili pa 150, ndipo nalonso timagawana chimodzimodzi. Kunenerera ndimakusowa, ndisaname. Kunali kucheza, kunali kudziwana ndi munthu. Amayi ena achikulire amanenererabe ngakhale aone kakatoni, ndipo ndimawachotserako pa gawo langa.

China chimene sindinayembekeze n’chakuti katundu anasintha. Osema anayamba kubweza okha zipande zokhota, osadikira kuti ndizikane. Mnyamata uja anayamba kujambula agogo ake akuluka, manja okha, n’kumanditumizira. Zithunzi zimenezo ndi zimene anthu amafunsa kwambiri kuposa zathu za kukhoma loyera.

Agogo ankabwerabe mwezi ndi mwezi. Tinkalankhulana bwino, tinkaseka, koma moni unali womwe uja wa “amayi”. Sindinawapemphe kuti asinthe. Si chinthu chopempha.

## Malichero 60

Mu Janyuwale 2022 munthu wina wa malo odyera ku Maputo analemba kuti akufuna malichero 60 okongoletsera khoma, pasanathe milungu itatu, ndipo anali wokonzeka kutumiza theka tsiku lomwelo. Sitinalandirepo oda yaikulu chotero. Ndinawerengera gawo langa ndi la agogo, manja akunjenjemera, n’kuimbira mdzukulu uja. Anati ndidikire, agogo ali kumunda akubandira. Ndinamva mapazi ake akuthamanga m’matope, kenako kupuma kwa munthu wamkulu pafoni.

Ndinafotokoza zonse, nambala, masiku, ndalama.

“Iwe,” anatero agogo, “nsungwi yodula mvula ikugwa imafumbwa, sudziwa? Ikafika kwa eni akewo miyezi itatu yayamba kutsika ufa, adzati wa ku Dómuè uja ndi wabodza. Ndipo chimanga changa andibandirire ndani? Uwauze adikire Juni.”

Ndinakhala chete, foni ili kukhutu.

“Wamva kodi?”

“Ndamva, agogo.”

Ndinalembera munthu uja kuti malichero adzakhalapo mu Juni, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake. Anawerenga uthengawo, sanayankhe. Patapita masiku anayi analemba kuti 60 aja apeza kwina, koma timusungire 20.